Madzi Satsekedwa Popanda Msonkhano

Paipi itaphulika m'chipinda cha telala m'mawa wa Lachisanu, anthu a pa mdadada wa nyumba za lendiwo anali atabalalika kale kupita kokasaka, kupatula mlonda, amene amagwira ntchito usiku n'kumagona masana. Tsoka la telala linali lakuti mlonda yemweyo ndi amene anzake anamusankha kuti azisunga kiyi wa bokosi la mpopi waukulu, wotsekera madzi a mdadada wonse.

Telala anatulukira pabwalo atanyamula diresi la ukwati m'mwamba ndi manja onse awiri, ngati mayi wowoloka mtsinje ndi khanda, nayamba kumenya chitseko cha mlonda ndi chidendene.

"Aneba! Aneba inu! Kiyi!"

Bedi linalira mkati. Chitseko chinatseguka pang'ono, panatuluka mutu wa diso limodzi lotsegula.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Ndadzuka m'madzi! Paipi yaphulika kwanga, katsekeni mpopi waukulu!"

"Nafenso tadzuka bwino, zikomo."

"Ndani wakufunsani?"

Mlonda anatuluka atavala vesiti ndi kabudula, kiyi akulendewera pachifuwa pa chingwe cha nsapato. Anayenda ndi ulemu wake wonse mpaka pakhomo la telala, nasuzumira mkati.

"Ndi madzi ndithu," anatero.

"Mumayesa ndakudzutsirani tiyi?"

Chipindacho chinali chotsika kuposa bwalo, pakhomo pali kasitepe ka simenti, moti madzi ankangodzaza ngati m'beseni. Paipi ya m'khoma inkapopera ngati yalembedwa ganyu.

"Mwaiona mota iyo, pansi pa tebulo la makina?" anatero telala, akuloza ndi chibwano. "Madzi akangoinyambita, makina anga afa. Makina akafa, diresi ili silitha. Lilibe mkono umodzi, ndipo mwana wa eni ake akukwatiwa nalo mawa m'mawa."

"Tiwanyamule makinawo."

"Si inu munandiuza kuti ndiwamangirire pansi ndi mabawuti chifukwa cha akuba?"

"Ndipo sanabedwe," anatero mlonda, akudzigunda pamtima.

"Kiyi, bambo inu!"

Mlonda anagwira kiyi uja, koma osati kuti amuvule. Anamugwira ngati munthu amene wamva kuti m'basi mwalowa opisa m'matumba.

"Mayi, nkhani imeneyi ndi yofunika msonkhano."

"Mwati chiyani?"

"Tinagwirizana pabwalo pompano kuti mpopi waukulu sutsekedwa kapena kutsegulidwa popanda msonkhano. Ine ndinalumbira, dzanja lili m'mwamba."

"Ine panalibe."

"N'chifukwa chake simukudziwa."

"Msonkhano wanuwo uliko liti?"

"Mawa madzulo."

"Mawa madzulo mkwatibwi adzakhala akudula keke atavala chiyani? Katani?"

Mlonda anaganizira funsolo mofatsa, ngati lili pa mayeso.

"Zimenezo adziwa ndi akwawo. Koma pali njira ina. Membala aliyense akhoza kuitanitsa msonkhano wadzidzidzi."

"Ine si membala wa chilichonse."

"Mumakhala pano."

"Ndimangogona pano!"

"Aliyense wogona pano ndi membala. Ngakhale ine, amene ndimagona masana, anandilola."

Telala anafwenkhula mphuno. Chiyambireni kukhala pamalopo, sanakhalepo pa msonkhano ndi umodzi womwe. Loweruka lililonse anzake akamakoka njerwa n'kumakhala pabwalo, iye ankatseka zenera n'kuponda makina kuti asawamve. Kwa iye imeneyo inali ntchito ya anthu opanda ntchito, akuluakulu andevu kuthera tsiku kukangana za amene wathothola tsache.

"Mverani, aneba. Ine msonkhano sindiitanitsa. Ndikukupemphani ngati munthu mnzanu. Tsekani madzi."

"Ngati munthu mnzanu, chisoni chandigwira kwambiri."

"Ehe!"

"Koma kiyi sanapatse munthu mnzanu. Anapatsa msungakiyi."

"Msungakiyiyo ndi ndani?"

"Ine."

"Nanga munthu mnzangayo?"

"Inenso."

"Ndiyetu uzanani!"

Mlonda anatsinzina kwa kanthawi, milomo ikugwedera.

"Tauzana. Wakana."

"Mayo ine mayo!"

Telala anathamangira pakona pomwe panali bokosi lachitsulo la mpopi waukulu. Manja analibe, choncho anayamba kukankha njerwa ndi phazi kuti ifike pafupi ndi loko. Mlonda anafika liwiro n'kuima kutsogolo kwa bokosi atatambasula miyendo, monga amachitira pageti la mabwana ake.

"Loko ameneyu ndi wa tonse, mayi. Mukamuswa, mwaswa wanu womwe."

"Ndiswa mbali yangayo."

"Sitinagawane mbali."

"Muimbireni mwini nyumba ndiye!"

"Foni yake imagwira kumapeto kwa mwezi kokha."

Zimenezo zinali zoona. Mkulu ameneyo mapaipi ake ndi a nthawi ya agogo ake, koma akabwera amafika atanyowa mafuta onunkhira, n'kumauza alendi kuti asamale nyumba.

"Ndani anabweretsa lamulo lopusa chonchi?"

"Lamulo silinabwere lokha, mayi. Mukukumbuka Lolemba lina lija madzi anatsekedwa kuyambira m'bandakucha, ana onse a pano n'kupita kusukulu ndi manthongo?"

"Ndiye?"

"Munthu wina anatseka chifukwa mpopi wa pabwalo unkadontha. Ati unkamusokoneza posoka."

Telala anayang'ana kumwamba, kumene kunalibe kanthu koyang'ana.

"Unkadontha kwambiri."

"Pa msonkhano sitinatchule dzina. Tinangoti mayi wina wa makina."

"Pano wa makina ndine ndekha!"

"N'chifukwa chake sitinavutike ndi dzina."

Nthawi yomweyo patapata wa telala anatulukira pakhomo akuyandama, nadumpha kasitepe kaja, kampukutu ka ulusi wofiira kakumutsatira ngati mwana wake. Telala anathamanga kukasuzumira. Madzi anali atayamba kumeza miyendo ya mpando, ndipo ankayang'anizana ndi mota ngati galu ndi nyama ya patebulo.

Anabwerera akupuma ngati wathamangitsidwa.

"Chabwino! Msonkhano! Ndauitanitsa! Tavomera! Watha! Tsekani!"

Nkhope ya mlonda inawala ngati wauzidwa kuti mkazi wake wachira mapasa.

"Uyambe kaye, mayi."

Analowa m'nyumba, natuluka atavala jekete la kuntchito pamwamba pa vesiti, sipanala ili m'manja. Anapita pa chitsulo cha gudumu la galimoto chomwe chimalendewera pa mtengo wa magetsi, nayamba kuchimenya. Ngwe! Ngwe! Ngwe! Atatero anaima chilili, manja kumbuyo, akuyang'ana kugeti.

"Mukudikira ndani?"

"Anthu."

"Anthu ati? Aliyense ali kuntchito!"

"Tiwapatse mpata. Ena amachedwa."

"Bambo inu, ndikakugwirani, akudziwani ndi a kuchipatala okha!"

"Mawu amenewo mukawayankhula msonkhano utayamba, ndikutulutsani."

"Yambani!"

Mlonda anakoka njerwa ija telala ankafuna kuswera loko, naipukuta ndi dzanja, n'kukhalapo. Anafotokoza kuti wapampando akasowa, msungakiyi ndi amene amatsogolera. Kenaka anatsokomola.

"Timayamba ndi pemphero. Atipempherere mayi telala, poti ndi koyamba kutiyendera."

"Ambuye, madzi. Ameni."

Mlonda anatsegula diso limodzi.

"Basi?"

"Amva. Akuwaonanso okha."

"Zikomo. Tsopano zotsalira za msonkhano wathawu. Nkhani ya tsache."

Telala anakuwa kukuwa koti nkhunda za padenga zinauluka.

"Membala akupempha kuti tsache tiliike kaye pambali," anatero mlonda, akuuza bwalo lopanda anthu. "Palibe wotsutsa. Nkhani yachiwiri. Mayi, imirirani mufotokoze."

"Ndaimirira kuyambira m'mawa!"

"Fotokozani vuto lanu."

"Mwaliona ndi maso anu!"

"Analiona ndi munthu mnzanu uja. Msonkhano sunalione."

Telala anakukuta mano, nayankhula liwu limodzilimodzi ngati akulavula nthanga.

"Paipi. Yaphulika. Madzi. Atsekedwe."

"Mfundo yamveka. Ovomereza kuti madzi atsekedwe, akweze manja."

Telala anayang'ana manja ake. Onse awiri anali pansi pa diresi, lina lanyamula chifuwa, lina lakulunga mchira wake wautali wa nsalu ya leseni. Pansi pake bwalo linali litasanduka phala la matope.

"Ndavomera ndi pakamwa."

"Pakamwa sitiwerenga. Tinkawerenga kale, koma kalipentala uja ankavomera kawiri, ulendo wachiwiri ndi mawu a chizimayi."

"Ndikweze mwendo?"

"Mwendo sitinagwirizane."

"Nanga diresi ndiliike pati?"

"Ndikugwirireni."

Mlonda anatambasula manja. Anali akuda bii ndi girisi wa sipanala.

"Mukalikhudza, maliro anu ayamba ukwati usanayambe!"

"Ndiye ovomereza palibe. Mfundo yagwa."

"Dikirani!"

Dzanja la telala linali lisanakwezedwepo pa zinthu za gulu. Ngakhale kusukulu, aphunzitsi akafunsa, telala ankangoyankha osakweza, n'kulandira chikwapu mosangalala. Koma m'chipinda muja munamveka kaphokoso ka chitini cha mabatani chikugubuduka m'madzi. Anaweramitsa mutu, naluma mchira wa diresi ndi mano, nasolola dzanja lamanja n'kulikweza pang'ono, mpaka paphewa.

"Silikuoneka bwino," anatero mlonda.

"Mmmff!"

Dzanja linakwera mpaka kumwamba.

Mlonda anaimirira, naloza ndi sipanala.

"Mmodzi." Anatembenukira kumanzere, kenaka kumanja, mpaka anasuzumira kuseri kwa mgolo wa zinyalala. "Mmodzi. Otsutsa? Palibe."

Telala analavula leseni.

"Tsekani!"

"Pali kavuto kochepa."

"Kanso kati?"

"Anthu sanakwane. Msonkhano umayambira pa anthu atatu. Awiri ndi macheza chabe."

"Bwanji simunanene poyamba paja?"

"Timawerenga anthu kumapeto, chifukwa ena amachedwa."

Kukanakhala kuti manja ali pabwino, nkhaniyi ikanathera kupolisi. Koma ukali ukafika penipeni umabala nzeru, ndipo telala anamwetulira kumwetulira koopsa.

"Aneba, paja munati inu muli awiri?"

"Ine?"

"Munthu mnzanga uja, ndi msungakiyi. Awiri. Ndi ine, atatu."

Mlonda anatsegula pakamwa. Anawerenga pa zala zake za girisi. Anadziyang'ana pachifuwa ngati mwina winayo atulukira m'jekete.

"Komadi..."

"Manjanso muli nawo awiri. Aliyense lake."

Dzanja lamanzere la mlonda linayamba kukwera lokha. Lamanja linaligwira n'kulibwezera pansi.

"Ayi, mayi. Kumeneko n'kubera chisankho. Kubanki kumene ndimalondera, munthu mmodzi salowa kawiri asanatuluke."

Telala anali atatsala pang'ono kulira, ndipo kulira pamaso pa mwamuna wa kabudula ndi jekete kukanamupweteka kuposa makinawo. Ndi pamene kumapeto kwa bwalo, m'bafa la onse, munamveka munthu akuimba ndi mphuno, madzi a shawa akuwaza mofooka.

"Muli munthu m'bafa!"

"Iii, ndi mayi a kunyumba amenewo," anatero mlonda, mawu atatsika. "Ndimayesa apita kumsika."

"Wachitatu! Auzeni angoti eya."

"Avomere chinthu asanachimve?"

"Ndi akazi anu! Anavomera inu asanakumveni bwinobwino!"

"Wovota ayenera kumva funso lonse."

Anapita pafupi ndi khoma la bafa, nakonza kolala ya jekete.

"Mayi a kunyumba! Pano pali msonkhano wadzidzidzi. Kodi mukuvomereza kuti madzi a mdadada wonse, kuphatikizapo a m'bafa mmene mulimo, atsekedwe pompano?"

Nyimbo inaduka.

"Wamisala ndani ameneyo? Ine sopo ali mutu wonse! Wotseka madzi akafuniretu kogona!"

Pamwamba pa khoma la bafa panatulukira dzanja la thovu lokhalokha, litakunga chibakera.

"Dzanja laoneka," anatero mlonda mwachisoni. "Wotsutsa mmodzi. Anthu akwana, koma mavoti afanana."

"Mukanasiya zoti 'kuphatikizapo a m'bafa' mukanafa?"

"Ndi a mdadada womwewu."

"Chabwino. Mavoti akafanana amadula ndani?"

Mlonda anayang'ana pansi.

"Wotsogolera."

"Ndiye dulani."

Mlonda anayang'ana bafa. Anayang'ana telala. Anayang'ananso bafa, nthawi yaitaliko. Thukuta linatsika m'mbali mwa khutu.

"Ine ndimaganiza zoti ndisakhale mbali iliyonse."

"Aaa! Si inu munalumbira dzanja lili m'mwamba?"

"Ndinalumbira za kiyi. Za banja ndinalumbiranso, kutchalitchi, anthu ambiri kuposa apa."

"Ndiye makina anga afe chifukwa mukuopa kugona pakhonde?"

"Pali njira ina," anatero msangamsanga. "Mavoti akafanana, timayamba tapatsa mbali ziwirizo mpata zikambirane. Pitani mukawanyengerere."

Apa ndiye panali pa chilonda. Telala ndi mkazi wa mlonda anali asakuyankhulana chiyambire mkangano wa chingwe choyanikira zovala, pamene telala anakankhira kumapeto matewera a eni ake kuti ayanike nsalu za makasitomala. Kuyambira tsiku limenelo akakumana pampopi, aliyense ankapereka moni kwa chidebe chake.

"Ine ndikanyengerere ameneyo?"

"Ndi wovota."

"Bola ndife kaye!"

"Amenewo akhala maliro a mawa. Mota ndi ya lero."

Telala anaponda matope mpaka pa chitseko cha bafa, diresi lili m'mwamba. Anaima. Anazindikira kuti sakudziwa n'komwe kuti mayiyu amamuitana bwanji.

"Inu a m'bafa! Sinthani voti!"

"Ndani ameneyo?"

"Ndine, wa makina."

"Hoo! Lero mwadziwa kuti pano pamakhala anthu?"

"Paipi yaphulika kwanga. Sinthani msanga!"

"Kalamuleni masizasi anu."

Telala anatembenukira kwa mlonda.

"Mwamva? Anthu anu ovotawo ndi amenewa!"

"Kampeni simayamba ndi kukalipa, mayi," ananong'ona mlonda. "Yambani ndi moni."

Telala anameza malovu. Anawawa ngati mankhwala a malungo.

"Mwadzuka bwanji, achemwali?"



"Bwerezani. M'khutu muli sopo."

"Ndati mwadzuka bwanji, achemwali anga!"

"Tadzuka. Kaya inu?"

"Ine sindinadzuke bwino. Madzi atsala pang'ono kundiphera makina, ndipo ndilibe china chodyera. Diresi la mwana wa eni ake lili m'manja muno, lopanda mkono. Mukufuna chiyani kuti muvomere?"

Funso limeneli linamudabwitsa mwini wake yemwe. Chibadwire anali asanafunsepo munthu chimene akufuna, kupatula kutalika kwa siketi.

"Chidebe cha madzi otsukuluzira," anatero mawu a m'bafa. "Ndi moni m'mawa uliwonse, osati wa lero lokha. Ndipo chingwe chija ndi cha tonse."

"Ndavomera. Aneba, chidebe!"

Mlonda sanasunthe. Anali atagwira chibwano.

"Mwaumanso chiyani?"

"Ndikuganiza. Kupatsa wovota katundu pa tsiku la chisankho, si chiphuphu chimenecho?"

"Ndi madzi!"

"Ena amayamba ndi madzi, mawa ndi nsalu, mkuja ndi njinga."

"Madziwo ndi a ndani?"

"A tonse."

"Akazi anu ali m'gulu la tonse?"

"Ali."

"Ndiye ndingawahonge bwanji ndi madzi awo omwe?"

Mlonda anayendetsa nkhaniyo m'mutu, kupita nayo uku, kubwera nayo uku.

"Madzi apita. Nanga moniyo?"

"Bambo a kuno!" anakuwa mawu a m'bafa. "Maso akundiwotcha ine! Mubweretsa chidebe kapena ndituluke chonchi ndidzatsogolere msonkhanowo ndekha?"

Mlonda anauluka. Anatchera chidebe pa mpopi wa pabwalo, koma madzi ankatuluka ngati misozi ya munthu wolira maliro a apongozi, chifukwa mphamvu yonse inkathera kwa telala.

"Katungeni kwanga!" anatero telala. "Kuli nyanja!"

"A pansi ayi!" anayankha a m'bafa. "Mwa telala mumagwa masingano!"

"Tcherani pa paipi penipenipo!"

Mlonda anavula jekete, nalipinda bwinobwino, naliika pa njerwa, kenaka analowa m'chipinda cha telala madzi akumufika m'akakolo. Paipi inamulandira kumaso. Anatuluka atanyowa ngati nkhuku yogwera m'chitsime, chidebe chili chodzaza theka, nakachilowetsa pansi pa chitseko cha bafa atatembenuzira nkhope kumbali, ngati si mkazi wake.

Kenaka anavalanso jekete, nabwerera pa njerwa.

"Msonkhano ukupitirira. Tibwereza voti. Ovomereza kuti madzi atsekedwe?"

Telala analuma leseni asanauzidwe, dzanja linakwera lokha ngati lazolowera kalekale. Pamwamba pa khoma la bafa panatulukira dzanja la thovu, ulendo uno zala zili zotambasula. Mlonda anayang'anitsitsa dzanja la mkazi wakelo kuti atsimikize, kenaka anakweza lake molimba mtima ngati munthu amene sanaopepo chilichonse.

"Atatu. Otsutsa palibe. Anthu ayankhula."

"Mmmff!"

"Ndikupita, ndikupita."

Anagwada pa bokosi, kiyi akadali m'khosi, moti anachita kugunditsa chipumi pa chitsulo kuti chingwe chifike. Loko anatseguka. Anagwira chogwirira cha mpopi n'kupotokola, n'kupotokolanso. Phokoso la m'chipinda cha telala linayamba kuchepa, linasanduka kulira kwa mwana wotopa, kenaka linatha.

Telala anathamanga kukasuzumira. Madzi anaima pansi penipeni pa mota, mpata wake woti n'kudutsa pepala lokha. Anatsamira chitseko, nakwirira nkhope mu diresi loyera lija, lomwe linalibe ngakhale kadontho ka thope.

"Yapulumuka," anatero ndi mawu aang'ono. "Koma akangowonjezekera pang'ono pokha, yapita. Ndiyambe kukapa."

"Mwaona kukoma kwa msonkhano?" anatero mlonda, akupukuta kiyi ndi vesiti.

"Musandiyambe."

"Mawa mubwere. Njerwa yanu ilipo, timangoikapo mphika wa maluwa."

"Ndati musandiyambe!"

Anapachika diresi pa msomali wa pamwamba pa zenera, natenga beseni. Asanatunge n'kamodzi komwe, m'bafa munaphulika mawu.

"Bambo a kuno! Madzi aja atha! Mwandipatsa theka la chidebe ngati mukumwetsa mwanapiye? Thovu likadali m'tsitsi lonse! Tsegulani!"

"Mayi a kunyumba, msonkhano wagamula kuti..."

"Ndiwerenga mpaka katatu!"

Mlonda anazizira. Anayang'ana kugeti, kunalibe munthu. Anayang'ana kwa telala, anaona msana wokha. Ananyang'ama kubwerera pa bokosi, lomwe linali likadali lotsegula, nagwada, dzanja likupita pa chogwirira.

Phazi lamatope linatera pa chivundikiro cha bokosi, pha! Zala anachita kuzithawitsa.

"Mukutani, aneba?"

Mlonda anakweza maso. Telala anali ataima pamwamba pake, beseni m'chiuno.

"Pang'ono chabe, mayi," ananong'ona. "Kungopotokola kamodzi, atsukuluze, n'kutsekanso. Tili awiriwiri. Palibe amene adziwe."

Telala anabweza loko pamalo pake, namukanikiza mpaka anati kete.

"Popanda msonkhano? Kodi mdadada uno mumauyesa wa bambo anu?"